Kagudumu ka a Fabiano

A Fabiano anawachotsa pa mpando Lachitatu masana, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, ndipo anawachotsa mwaulemu kwambiri. Anayamba ndi pemphero. Kenako a Ezron, wapampando wa komiti, anayamikira ntchito yawo kwa nthawi yaitali mpaka a Fabiano anadziwa kuti zinthu zaipa. Mawu otere iwo ankangowamva pa maliro.

"Zaka naintini, ba Fabiano," anatero a Ezron akusisita bondo. "Mwasebenza. Manje tifuna mupumuleko."

"Ninakuuzani kuti nalema?"

"Simunakambe, koma tiona."

"Muona na maso yati? Yamene yakangiwa kuona kuti malata yadontha pa guwa?"

Palibe anaseka. Onse a komiti anayang'ana nsapato zawo, ndipo a Fabiano anazindikira kuti nkhaniyi inatha kale kunyumba kwa a Ezron, kuno anangobwera kudzaiwerenga.

Mpando umene ankaulimbiranawo unali kasitulu ka mukwa pafupi ndi zenera, kumbuyo kwa kwaya. Pamenepo a Fabiano ankaliza nyimbo Lamulungu lililonse m'katchalitchi kawo ka ku Nkomeshya. Tsopano panafunika kukhala Mervin, mwana wa a Ezron omwewo, bambo wa zaka makumi atatu amene anali ndi situdiyo yojambulira nyimbo ku Silverest. Situdiyoyo chinali chipinda kuseri kwa malo ometera tsitsi, makoma ake omatidwa mathireyi a mazira. Mervin anali pomwepo pa msonkhano, laputopu yopyapyala ngati mbale ili pa miyendo.

"Osakalipa, ba mudala," anatero. "Muno muli masaundi teni sauzande. Piyano ya ku Jeremani, malipenga, ng'oma, vonse. Kaja kanu ni kachidole."

"Pa teni sauzande yamene ayo, wamvelako yangati?"

Mervin anaseka ngati wamva nthabwala. A Ezron anatseka nkhani. Mervin ayambe Lamulungu likudzali, ndipo pa Misa ya zokolola, ba Fada akabwera kuchokera ku mishoni n'kumva okha, mpando udzakhala wake mpaka kalekale.

Kachidole kamene Mervin ankanenako kanali ndi mbiri yake. Wansembe wina wachizungu, pobwerera kwawo, anasiya m'manja mwa a Fabiano laputopu yolemera ngati njerwa ziwiri ndi kiyibodi yaifupi ngati mkono. M'laputopumo munali pulogalamu yopanga mawu a nyimbo, yotuwa, yosakongola, imene a Fabiano anaitcha Kaphulusa. Kaphulusa analibe piyano ya ku Jeremani. Ankangotulutsa kulira kumodzi kouma ngati kwa udzudzu, ndipo panali timabatani tisanu ndi kamodzi tojambulidwa pagalasi toti munthu aseme kulirako mpaka kukhale chinthu. A Fabiano anasema miyezi itatu. Pomaliza anatulutsa mawu ofanana ndi a limba lakale la ku mishoni, lija linadyedwa ndi makoswe iwo ali mnyamata, ndipo sanasakenso ena.

Koma ntchito yeniyeni inali pa kagudumu. Kumanzere kwa kiyibodi kunali kagudumu kokweza ndi kutsitsa mawu pang'onopang'ono. Sipuling'i yake inathyoka kalekale, choncho kankakhala pomwe wakasiya. Ndipo m'tchalitchi muja nyimbo siyamba ndi choimbira. Imayamba ndi a Selestina, mayi wamkulu wa kwaya, amene amaima kutsogolo kuyang'ana guwa n'kuitenga nyimbo pomwe aipezera tsiku limenelo. Akakhala ndi chimfine amayambira pansi. Akayambana ndi amuna awo m'mawa amayambira kudenga. Mpingo umawatsatira, ndipo nyimbo ikatalika mpingowo umatsetsereka, ndime iliyonse kutsika pang'ono, monga thumba limatsikira pa njinga ukayenda mtunda. Dzanja lamanja la a Fabiano linkaliza nyimbo, lamanzere lili pa kagudumu, kutsika nawo anthu mwakachetechete. Palibe anawaphunzitsa zimenezi, ndipo palibe anawafunsapo.

Lamulungu loyamba a Fabiano anakhala kumbuyo kwenikweni, pa benchi ya amuna ochedwa, manja atapinda.

Mervin anabwera ndi nyimbo zokonzeratu ku situdiyo, ng'oma ndi malipenga zili momwemo. Anakweza dzanja, nawerenga mokweza, "Wani, thu, fili," n'kudina. Makina anayamba. A Selestina nawonso anayamba, pa nthawi yawo ndi pa mawu awo. Zinthu ziwirizi zinayenda limodzi ngati ng'ombe ndi bulu pa goli limodzi. Potuluka Mervin anati vuto ndi sipika.

Lamulungu lachiwiri anabwera ndi sipika ina, ndipo potuluka anati vuto ndi azimayi. Anaitanitsa kwaya Loweruka, nawalizira a Selestina mawu amodzi m'khutu kudzera pa kachingwe kuti aziyambira pamenepo.

"Iwe Mervin," anatero mayiwo akuchotsa kachingweko kukhutu, "pa ubatizo wako unalila pa mawu yako, ise tonse tinakukonkha. Manje ufuna ine nikonkhe kabokosi?"

Nkhaniyi inawapeza a Fabiano kunyumba dzuwa lisanalowe, ndipo anadya bwino tsiku limenelo. Akazi awo, a Salome, sanakondwe nazo.

"Masiku yano muyenda ku Misa monga muyenda ku bola," anatero. "Mukhala kumbuyo kuyembekeza wina agwe."

"Nipemphela."

"Mupemphelela chani? Nimakuonani mukamwa."

Lachiwiri lotsatira, m'mawa, a Fabiano akumata chubu cha njinga pakhonde, kagalimoto ka Mervin kanaima pa mpanda. Anatsika ndi buledi ndi paketi ya shuga. A Fabiano anayang'ana bulediyo nthawi yaitali. Pa moyo wawo wonse sanaonepo buledi wobwera yekha wopanda pempho kumbuyo kwake.

"Nabwela kukuonani chabe, ba mudala."

"Waniona."

"Na kuonako kaja ka ba Fada. Azimayi akamba kuti kanali na saundi inangu yake."

"Kachidole?"

A Salome anatulutsa mpando, n'kuwayang'ana amuna awo ndi diso lija la zaka makumi anayi za ukwati. A Fabiano analowa m'nyumba, natulutsa kiyibodi ndi laputopu, nalumikiza laputopuyo ku batire ya sola. Inadzuka pang'onopang'ono, ikubuula. Kaphulusa ataonekera pagalasi, Mervin anamujambula ndi foni, natokosa pa intaneti. Anawerenga. Anatsitsa chala, nawerenganso. Kenako anavula chipewa.

"Ba mudala! Muziba chamene muli nacho?"

"Niziba. Unaniuza pa miting'i."

"Iyayi, mvelani. Aka kasakiwa dziko lonse! Kampani inapanga aka inafa kudala. Maprodyusa ya ku Ulaya yalema na masaundi yambili, yabwelela ku tovakudala monga aka. Akuti mawu yake ni yofunda, yali na moyo. Onani uyu, alila mu vidiyo kuti anakataya!"

"Mwezi watha kanalibe moyo?"

"Nthawi ija sininazibe kuti azungu akakonda."

Anatero osachita manyazi ngakhale pang'ono, ndipo a Fabiano anatsala pang'ono kumulemekeza chifukwa cha zimenezo. Mervin anapempha kukopera pulogalamuyo pa fulashi. A Fabiano anafuna kukana, koma a Salome anawakumbutsa mokweza kuti ba Fada achizungu aja anasiyira tchalitchi, sanasiyire munthu. Fulashi inalowa. Miyezi itatu ya kusema kuja inasamuka pa nthawi imene munthu amamwera kapu ya madzi.

Akudikira, Mervin anaona kagudumu ka pa kiyibodi katapendekera pansi, pomwe kanatsalira pa nyimbo yomaliza imene a Fabiano analiza.

"Aa, onani vuto yanu. Aka kafunika kukhala pakati. Kakapendeka, nyimbo yonse ichoka pa mzele." Anakabweza ndi chala chimodzi. "Nakukonzelani."

A Fabiano anatsegula pakamwa. Mawu anali pa lilime, ndipo akanakwana mpweya umodzi: mpingo ukatsika, tsika nawo. Anayang'ana buledi, nayang'ana fulashi ikulowa m'thumba la malaya, n'kutseka pakamwa.

"Zikomo," anatero.

Tsiku la Misa ya zokolola tchalitchi chinadzaza mpaka ana anakhala m'mazenera. Ngolo za ng'ombe zinaima pansi pa mango, njinga zitatsamira khoma lonse. A Fabiano anafika ndi kamtolo kokulunga m'chitenje, nakaika pansi pa benchi yawo ya kumbuyo.

"Mwanyamula chani?" anafunsa a Salome.

"Chopeleka."

"Imwe? Kuyambila liti?"

Misa isanayambe, a Ezron anapatsa mwana wawo maikolofoni. Mervin anauza mpingo kuti atafufuza kwambiri wapeza choimbira chakale chimene dziko linachitaya, ndipo lero Nkomeshya imva zimene ngakhale Lusaka sinamve. Anthu anaomba m'manja. Ena mwa oombawo anakhala akumva choimbira chomwecho zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

A Selestina anayambitsa nyimbo yolowera. Mervin, amene tsopano anasiya zokonzeratu zija, anasaka pa kiyibodi yake yaitali yonyezimira kiyi yoyandikira mawu a mayiwo, naipeza, nalowa. Ndipo m'sipika munatuluka limba la ku mishoni, mawu a a Fabiano enieni, osasintha kanthu. Azigogo anagwedeza mitu. Ba Fada anamwetulira pa guwa. Nyimboyo inali yaifupi, mpingo sunapeze nthawi yotsetsereka, ndipo inatha bwino. Yachiwiri nayonso inatha bwino. A Ezron anatembenuka kufunafuna nkhope ya a Fabiano kumbuyo, ndipo ataipeza anaigwedezera mutu mwachifundo.

Pamenepo a Fabiano anachita mantha. Mwina kagudumu kaja sikanali kanthu. Mwina zaka zonsezi ankangodzinamiza ndi chala, pofuna kudziona wofunika. Anakankhira kamtolo kaja mkati mwa benchi ndi chidendene.

Kenako inafika nthawi ya chopereka.

Chopereka cha zokolola si cha mbale yoyenda m'mabenchi. Mzere unayambira pa guwa, kutuluka pakhomo, kukazungulira mtengo wa mango. Azimayi anasenza matumba a chimanga, madengu a mtedza, mbatata, maungu. Amuna anakolekera nkhuku m'khwapa. A Ezron, kuti aliyense aone, anabweretsa mbuzi. Onse amayenda movina, mapazi awiri kutsogolo limodzi kumbuyo, ndipo nyimbo imazungulira mpaka womaliza atatula katundu wake, kaya ndi maulendo makumi atatu.

Maulendo asanu oyamba zinayenda. Pa lachisanu ndi chitatu a Fabiano anamva mpingo ukutsika, ndipo chala chawo chamanzere chinagwedezeka chokha pa bondo. Makina anakhala pomwe anali, pakati penipeni, monga Mervin ankafunira. Pa ulendo wa khumi ndi chiwiri panali kampata. Pa wa khumi ndi chisanu kampatako kanayamba kuluma m'mano ngati ndimu.

Mervin anamva, chifukwa makutu anali nawo. Anatsika kiyi imodzi. Tsopano makina anali pansi pa anthu. Anabwerera, makina anakhala pamwamba pawo. Anatsikanso, nakweranso, thukuta likudonthera pa laputopu. Mpingo wa Nkomeshya unali pa mng'alu wa pakati pa makiyi awiri, pomwe chala sichilowa, ndipo unkapitirira kutsetsereka osamudikira. Atasowa chochita anakweza voliyumu, poganiza kuti anthu akamva bwino abwerera. Ana a m'mazenera anatseka makutu. Khanda lina linayamba kulira, ndipo mbuzi ya a Ezron inaliyankha.

A Selestina anasiya kuimba.

Iwo akasiya, kwaya imasiya. Kwaya itasiya, mpingo unasiya, ndipo mzere wonse unaima pomwepo, matumba ali pamutu. Popanda nyimbo palibe amene akanaponya phazi kupita ku guwa. Limba linalira lokha kanthawi, kenako nalonso linachita manyazi.

"Sitiyenda," anatero a Selestina, osatembenuka, akuyang'ana guwa.

Ba Fada anayang'ana a Ezron. A Ezron anapatsa munthu wina chingwe cha mbuzi, nayenda m'mbali mwa khoma mpaka kumbuyo, mpingo wonse ukuwaperekeza ndi maso. Anawerama pa khutu la a Fabiano.

"Ba Fabiano, tiyeni."

"Nipumula, ba cheyamani. Munanipumuza ndimwe."

"Napapata. Azimayi ali na masaka pamutu."

"Simuli teni sauzande muja? Asankhepo inangu."

"Ba Fabiano, ni pamaso pa ba Fada."

"Sinimvela bwino khutu iyi. Nakalamba. Kambani mokweza."

A Ezron anawongoka. "Mpando ni wanu," anatero, mokweza ndithu moti mabenchi anayi anamva. Chigongono cha a Salome chinalowa m'nthiti za amuna awo nthawi yomweyo, ndipo a Fabiano anadziwa kuti apa ndi pomwe malire ali.

Anatulutsa kamtolo, namasula chitenje. Munali kiyibodi yaifupi ija.

"Ndiye chopeleka chamene icho?" ananong'ona a Salome. "Mulungu akuonani."

A Fabiano anayenda osafulumira. Mervin anali atanyamuka kale pa kasitulu. A Fabiano anazula chingwe cha kiyibodi yaitali yonyezimira, nalowetsa chawo m'laputopu ya Mervin, mmene munali Kaphulusa wawo yemwe. Anakhala pansi. Kasitulu kanali kofunda ndi thupi la munthu wina, ndipo zimenezo zinawanyansa.

"Yambani, mayi," anatero wina wa m'kwaya.

A Selestina anaitenga nyimbo pomwe anaisiyira, pa mng'alu pomwe paja. A Fabiano anamvetsera mawu atatu, napendeketsa kagudumu, nalowa pansi pa mawu a mayiwo ngati dzanja lolandira mtolo. Mzere unagwedezeka, nuyamba kuyenda. Mpingo unatsika, iwo anatsika nawo. Unatsikanso, anatsikanso. Chimanga chinafika pa guwa, maungu anafika, nkhuku zinafika, ndipo mbuzi inafika pomaliza ikukana. Pamene nyimbo inkatha, kagudumu kanali katatsala pang'ono kugunda pansi.

Misa itatha ba Fada anangoti, "Ba Fabiano, tionana mwezi wa mawa," ndipo nkhani ya mpando inathera pomwepo. A komiti anabwera mmodzimmodzi kudzanena kuti iwo pa msonkhano paja sanagwirizane nazo, anangosowa mpata wolankhula.

Mervin anagwada pafupi ndi kiyibodi, akujambula kagudumu ndi foni.

"Munaika pa nambala bwanji, ba mudala?"

"Palibe nambala."

Anakagwedeza ndi chala, nakaona kuti sikabwerera pakati. Nkhope yake inawala. "Sipuling'i! Ni yothyoka! Ndiye chinsinsi!" Anathamangira ku galimoto kukasaka sikuludiraiva yoti athyolere yake. A Fabiano sanamuletse.

Iwo ankadikira munthu mmodzi. Anakulunga kiyibodi pang'onopang'ono, namasula, nakulunganso, mpaka a Selestina anatulukira akupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Mwaimba, mayi," anatero a Fabiano, powatsegulira njira.

"Taimba, ba Fabiano. Mwaona mwamene yanazimila makina yaja, nyimbo inayenda? Nikamba kudala ine kuti ise sitifunika volizaliza."

"Yanazima?"

"Pa chopeleka paja. Ninamvela kuti ba Ezron akuitanani, ninati ayenda kukazimya. Mwachita bwino."

"Mayi, ninali kuliza. Nyimbo yonse ninaliza ndine."

A Selestina anawayang'ana modabwa, mopanda chinyengo chilichonse. "Zoona? Ine niyangana kutsogolo, siniziba va kumbuyo. Kukamba zoona, zaka zonse izi sininamvelepo kuti muliza. Nenze kuganiza kuti ba Fada anakupatsani chabe pokhala." Anawagwira pamkono mwachikondi, napita kukathandiza kumanga matumba.

A Fabiano anakankha njinga mpaka kunyumba osakwera. A Salome anayesa kuwauza kuti kumeneko ndiye kuliza bwino, koma anawayankha kuti asawaphunzitse nyimbo.

Lamulungu lotsatira anakhala pa kasitulu kawo pafupi ndi zenera. Pa nyimbo ya chopereka anatsika ndi mpingo monga mwa masiku onse, ulendo woyamba, wachitatu, wachisanu ndi chimodzi. Kenako anachotsa dzanja lamanzere pa kagudumu, naliika pa bondo. Mpingo unatsetsereka, limba linatsala m'mwamba, ndipo kampata kaja kanayamba kuluma. Anapirira ndime yathunthu, maso ali pa msana wa a Selestina.

Msanawo unauma. Khosi linatembenuka. Kwa nthawi yoyamba pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, a Selestina anayang'ana kumbuyo pakati pa nyimbo, nawaponyera a Fabiano diso loti likanapha nkhuku.

A Fabiano anawagwedezera mutu mwaulemu. Kenako anabweza dzanja pa kagudumu, natsika kukawapeza anthu pomwe anali, ndipo palibe anawamvanso.